Chaka Chimene Tinatseka Malevulo Apansi

Ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti mudzauwerenga pang'onopang'ono, mukuima pa mawu ena n'kufunsa amayi anu. Ndinayesa kuulemba m'Chishona ndiponso m'Chingelezi, koma nkhaniyi inkatuluka yosalala kuposa mmene inachitikira. Za ubwana wanga ndazisiya. Ndiyambira pa tsiku limene ndinapatsidwa ovolosi ndi chisoti.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Ndinalembedwa ntchito pa mgodi wina kunja kwa Bindura, womwewo umene agogo anu aamuna anagwirako atachoka ku Dedza ali mnyamata. Iwo anali munthu wapansi, woboola miyala, ndipo pamene ine ndinkayamba ntchito n'kuti makutu awo atagontha kale ndi phokoso. Sanafune kuti mwana wawo atsike m'chikepe tsiku ndi tsiku, choncho anasangalala atamva kuti andiika ku wekishopu ya zipangizo zoyezera. Ntchito yathu inali kusamalira timakina toyeza madzi m'zitsime za pansi pa mgodi, mphamvu ya mafani okankha mpweya, ndi utsi woipa umene umatsala akaphulitsa miyala. Bwana wanga woyamba anali mzungu wokalamba amene ankatikalipira m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, ndi kutiyamikira posalankhula kanthu. Sanandiphunzitse ndi mawu. Ankandipatsa chipangizo chowonongeka n'kuchokapo, ndipo akabwera n'kupeza chikugwira ntchito ankandipatsa china.

M'zaka zimenezo achemwali anga aakulu, a Esinati, anakwatiwa ndi a Layisoni, munthu wa m'komboni mwathu momwemo, amenenso makolo awo anachokera ku Malawi. Alamu anga amenewa ankayang'anira mapampu ku malevulo apansi, zigawo zakuya kwambiri za mgodi, kumene madzi amavuta kwambiri. Anali munthu wachete, woimba besi mu kwaya. Ndikamatsika kukakonza zoyezera ankandisungira tiyi m'botolo lokutidwa ndi nsanza.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Mgodi unagula makompyuta awiri kwa kampani ina yakunja. Anawaika m'chipinda choyang'anira cha pamwamba. Imodzi inkawerenga zoyezera za malevulo apamwamba, ina za malevulo apansi, ndipo munthu wokhala pa mpando ankaona manambala onse pa sikirini. Madzi akakwera kapena fani ikaima, belu linkalira. Ananditumiza ku Harare kukaphunzira kusamalira zimenezi chifukwa anzanga akuluakulu sankafuna n'kuzikhudza komwe. Patapita zaka zochepa kampani ija inachoka m'dziko muno, kenako tinamva kuti inatsekedwa. Inatisiyira madisiki okhala ndi zolemba za mapulogalamu ake, basi. Kuyambira pamenepo wofunsidwa chilichonse anali ine, ndipo ine ndinalibe womufunsa.

Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyi kuti zotsatirazi zimveke. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, imene tinkangoitcha sisitimu. Sisitimu ya kampani ija itakalamba n'kuyamba kukana zipangizo zatsopano, ndinatenga ina yaulere, imene aliyense amaloledwa kutenga zolemba zake n'kudzimangira yekha. Zolembazo zimakhala m'mawu oti munthu akhoza kuwerenga, koma makina sawamva. Pakati pake pamakhala pulogalamu ina, kompaila, imene imasandutsa zolembazo kukhala malamulo a makina. Kompaila umaiuza kuti ilimbikire motani pofulumizitsa zimene ikumangazo. Ukaiuza kuti O2, imakonza mwanzeru koma mosamala. Ukaiuza kuti O3, imapitirira pamenepo: imasintha ndondomeko ya zinthu zambiri, imaphatikiza zina, imatambasula zina, zonsezo podalira kuti amene analemba pulogalamuyo anatsata malamulo onse osaphonya ngakhale limodzi. Anthu amene analemba sisitimu ija ankaiyesa pa O2, ndipo pafupifupi aliyense padziko ankaimanga motero. Inenso ndinamanga pa O2, ndipo makompyuta athu awiri anagwira ntchito zaka zambiri popanda kutinamiza.

2008

Chaka chimenecho mukuchikumbukira inunso, ngakhale munali ana. M'masitolo a m'tauni munali mashelefu okhaokha. Magetsi ankabwera ndi kupita mmene afunira. Tsiku lina masana, magetsi atabwerera mwamphamvu, kompyuta ya malevulo apansi inapsa. Ndinaitsegula n'kumva fungo la pulasitiki, ndipo ndinadziwa kuti palibe chokonza. Makompyuta a m'maofesi analipo, koma analibe malo olowetsapo khadi lakale limene linkalumikiza makina ndi mawaya ochokera pansi. Ndinafufuza ku Harare, m'masitolo a zinthu zakale ndi kwa anzanga a m'migodi ina, osapeza. Zoitanitsa kunja panalibe amene ankazitchula n'komwe.

Bwana wathu nthawi imeneyo anali a Marufu, injiniya wophunzira bwino, Mshona wa ku Mutoko, munthu amene sindinamumvepo akunyoza wantchito. Anandiitana n'kundifunsa ngati kompyuta yotsalayo ingathe kunyamula mgodi wonse. Mwayi unalipo woti tiyese, chifukwa kukumba kunali kutaima kaamba ka kusowa kwa zophulitsira, ndipo pansi pankatsika anthu a mapampu okha. Ndinalumikiza mawaya onse ku kompyuta imodziyo. Inalephera. Manambala ankafika mochedwa, ena ankadumphidwa, ndipo titaimitsa fani dala kuti tione, belu linalira patapita nthawi yoti munthu akanakhala atakomoka kale. Ndinachotsa chilichonse chosafunika m'sisitimu, koma inkaperewerabe pang'ono. Pamenepo m'pamene ndinamanganso zonse pa O3. Ntchito yomangayo inatenga masiku, chifukwa magetsi akathima pakati ndinkayambiranso. Itatha, kompyuta ija inakwanitsa. Manambala ankabwera pa nthawi yake, belu linkalira msanga. A Marufu anandigwira chanza ndi manja awiri, ndipo mbiri inafika m'komboni ine ndisanafikeko. Madzulo ake anthu ankandipatsa moni ngati ndabwera ndi thumba la ufa.

Panapita milungu ingapo zonse zili bwino. Ndiye m'mawa wina foni ya pansi inalira. Anali alamu anga. Anandifunsa kuti sikirini ikuti madzi ali pati m'chitsime cha levulo yomaliza. Ndinawawerengera nambala, imene inkasonyeza kuti madzi ali pansi ndithu.

"Alamu," anatero, "madzi ali m'maondo mwanga. Pampu imodzi yaima kalekale."

Ndinayang'ana sikirini. Wotchi ya pakona inkayenda. Manambala a malevulo apamwamba ankasintha monga mwa masiku onse. A malevulo apansi okha ndi amene anali atauma pamalo amodzi, ooneka bwino, osasonyeza vuto lililonse. Kompyuta ikafa, aliyense amaona kuti yafa ndipo amatulutsa anthu. Iyi inali yamoyo, ikungobwereza nambala yakale ngati yatsopano.

Ndinayamba kusaka chimene chinalakwika. Ndikaika timizere toti tizindiuza zimene zikuchitika mkati, vutolo silinkaoneka, chifukwa kompaila inkamanga mosiyana ikapeza timizereto. Ndikatichotsa, ndinkadikira osadziwa ngati libwera mawa kapena mwezi wamawa. Ndinkakayikira pulogalamu yoyendetsa khadi lakale lija, imene inalembedwa ndi munthu amene sindinamuonepo, pa kampani imene kunalibenso. Mwina penapake pulogalamuyo inkadikira kuti khadi liyankhe, ndipo kompaila inaona kudikirako ngati kopanda ntchito n'kukusintha. Ndinamanga mbali imeneyo yokha pa O2, zina zonse pa O3. Tinapuma pang'ono, kenako manambala anaumanso. Ndinaika kapulogalamu kolondera koti kazidzutsa makina akagona, koma kankaona kuti makina ali maso, chifukwa analidi maso. Ndinayesa kuzimitsa ndi kuyatsa m'mawa uliwonse. Tsiku lina manambala anauma dzuwa lisanafike pamutu. Ndikabwerera ku O2, bodza linkatha koma kuchedwa kunkabwerera.

Madzi sankandiopsa kwambiri, chifukwa munthu amawaona ndi maso. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mpweya. Akaphulitsa miyala, utsi wina umatsala m'makona, ndipo wina ulibe fungo ngakhale mtundu. Timachubu toyezera ndi manja tinali titatha, ndipo totsalato tinali titapitirira nthawi yake. Anthu akabwerera kukakumba, diso lawo lokha likanakhala kompyuta ija.

Zophulitsira zitapezeka, akuluakulu a ku Harare anafuna yankho. A Marufu anandiitana mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Sanandikakamize. Anandifotokozera mmene zinthu zinalili: kompyuta imodzi pa O2 ikhoza kuyang'anira malevulo apamwamba bwinobwino, koma malevulo apansi akanayenera kutsekedwa, mapampu n'kukwezedwa, ndipo onse ogwira kumeneko akanachotsedwa ntchito. Anati akatseka, madzi adzadzaza, ndipo kutsegulanso sikudzakhala nkhani ya chaka chimodzi kapena ziwiri.

"VaPhiri," anatero, ponditchula mwaulemu wa Chishona, "pa pepala padzakhala dzina langa, osati lanu. Ine ndikungofuna mundiuze ngati mungalole mwana wanu kutsika pamene makina awa ndi amene akumuyang'anira."

Ndinawapempha kuti andipatse mpaka Lolemba.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, alamu anga anandiperekeza mpaka kunyumba. Anakana kulowa. Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, iwo atagwira chipewa chawo pa bondo. Anali atamva zonse, poti m'komboni simubisika kanthu. Anayamba mofatsa. Anati makinawo analakwa kangapo kokha pa miyezi yonseyi, ndipo ulendo woyamba amene anawagwira anali iwo omwe. Anati anthu apansi si ana, amadziwa mutu ukayamba kulemera, amadziwa fani ikasintha kulira. Ndinawayankha kuti utsi umene ndikuuopawo umagwetsa munthu asanadziwe kuti mutu ukulemera. Kenako anati:

"Otsika ndife, alamu. Ngati ife tavomera, inu chikukuvutani n'chiyani? Mpweya wanuwo mwina ubwera, mwina subwera. Njala yokha ndiye ibwera ndithu."

Anandikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa kale. Anzathu Achishona akachotsedwa ntchito ankakwera basi kupita kumudzi kwawo, kumene kunali munda ndi khola. Ife tinalibe mudzi. Nyumba ya m'komboni inali ya mgodi, ndipo ntchito ikatha nyumbanso inkatha. Ku Malawi kunali manda a agogo athu, koma kunalibe munthu wotidziwa nkhope. Ndinangoti ndamva. Anavala chipewa n'kupita, ndipo sanatsanzike amayi anu, chimene sanachitepo n'kale lonse.

Lolemba ndinapita kwa a Marufu n'kuwauza kuti sindingalole mwana wanga kutsika. Ndinawauza kuti sindikudziwa chimene chimaumitsa manambala, choncho sindingalonjeze kuti chidzachitika liti kapena kuti sichidzachitika. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti nawonso ankaganiza chimodzimodzi koma ankayembekeza kuti ndibwera ndi nzeru ina. Tsiku lomwelo ndinabwezeretsa sisitimu yomangidwa pa O2 ndi kudula mawaya a malevulo apansi. Sabata imeneyo mapampu anayamba kukwezedwa. Amene anatsogolera ntchito yowamasula anali alamu anga, chifukwa palibe wina amene ankawadziwa bwino ngati iwo.

2009 ndi zaka zotsatira

Anthu ambiri anachotsedwa, ndipo ine ndinatsala. Chimenechi ndicho chinandilemera kuposa zonse. M'mawa ndinkapita kuntchito ndi ovolosi yochapa, kudutsa pa makomo pamene anthu ankakweza mabedi ndi mapoto pa ngolo. Palibe amene ananditukwana. Ankangoyankha moni mwachidule n'kupitiriza kumanga katundu. Ku tchalitchi benchi imene tinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri.

A Layisoni ndi achemwali anga anapeza chipinda chimodzi m'tauni, iwo ndi ana awo. Amayi anu ankawapititsira chimene tinali nacho, ndipo achemwali ankalandira n'kuthokoza ngati akuthokoza mlendo. Alamu anga anafunafuna ntchito ya mapampu m'mafamu a ku Matepatepa, osaipeza. Pamapeto pake anapita ku Kitsiyatota kukakumba golide m'maenje akale pamodzi ndi anyamata oti akanakhala ana awo. Kumeneko ankawafuna chifukwa ankadziwa kuchotsa madzi m'dzenje ndi kapampu kakang'ono ka petulo. Ndinakumana nawo kamodzi pa msika, ali ndi dothi lofiira mpaka m'tsitsi, atawonda. Anandifunsa za umoyo wa ana, ine n'kufunsa za awo. Sitinatchule za mgodi.

Anamwalira m'nyengo ya mvula. Khoma la dzenje linanyowa n'kugumukira mkati iwo ali pansi, akumasula paipi. Anzawo anakumba ndi mafosholo ndi manja, koma anawapeza atapita kale. Pa maliro ndinagwira ntchito zonse zoyenera mlamu. Ndinathamangira bokosi, ndinalankhula m'malo mwa banja la akazi. Pamene ndinkalankhula, amuna amene tinkagwira nawo ntchito anayang'ana pansi onse. Kwaya inaimba popanda besi, chifukwa amene akanalowa m'malo mwawo anakana.

Zinthu zitayamba kupezekanso m'dziko, mgodi unagula makompyuta atsopano ndi zoyezera zatsopano, zosafuna khadi lakale lija. Anafika pasanathe zaka ziwiri chitsekereni malevulo apansi. Koma madzi anali atadzaza kale, ndipo akuluakulu anati kuwapopa sikungapindule. A Marufu anapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko. Potsanzikana anandiuza kuti asanagone amaganizabe za anthu aja.

Kompyuta yakale ija ndinaipempha m'malo moti itayidwe. Ndinaiika pakona mu wekishopu, ndipo kwa zaka zingapo, ntchito ikachepa, ndinkaiyatsa n'kumayesabe kupeza pamene panali vuto. Intaneti itafika bwino ndinawerenga zimene anthu a ntchito imeneyi amakangana. Ena amati O3 ilibe mlandu, imangoulula zolakwa zimene zinabisala kale m'zolemba za anthu. Ena amati kompaila nayonso imalembedwa ndi anthu ndipo imalakwa, makamaka m'njira zimene anthu ochepa amadutsamo. Ndikuganiza kuti onsewo akunena zoona. Kwa munthu amene ali pansi pa nthaka, zilibe kanthu kuti wolakwa ndi kompaila kapena wolemba. Vuto lathulo sindinalipeze. Tsiku lina khadi lija linangofa, ndipo kusaka kwanga kunathera pomwepo. Ndinagwirabe ntchito mpaka maso atayamba kuvuta, kenako ndinapuma.

Chaka chatha

Azakhali anu a Esinati anadwala miyendo, ndipo mwana wawo wamkazi anawatengera kunyumba kwake. Zaka zonsezi tinkaonana pa maukwati ndi pa maliro, kulonjerana bwinobwino, koma tinali tisanakhalepo awiriwiri. Ndinapita kukawaona masana ena. Ndinawapeza pakhonde, miyendo ataitambasula pa mkeka, akusankha nyemba m'lichero. Tinakamba za mankhwala awo, za mvula, za inu ndi kumene muli. Kenako anaika lichero pambali. Anandiuza kuti alamu anga sanandinenepo zoipa m'nyumba, ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwana wina atayesa kutero anamuletsa. Anati amene anakwiya anali iwo, achemwali anga, ndipo anatopa nako kukwiyako.

"Koma ndiuzeni chinthu chimodzi, achimwene," anatero. "Mukanavomera tsiku lija, makina aja akanaphadi anthu?"

Ndinali nditaganizira funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa yankho limene likanatipepukira tonse awiri. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Ndinati mwina akanauma tsiku la utsi n'kupha shifiti yonse, a Layisoni ali momwemo. Mwinanso akanagwira ntchito mpaka makompyuta atsopano atafika, popanda wina kuvulala ngakhale chala, ndipo bwenzi alamu anga ali pakhonde pomwepo.



"Ndimafuna munene kuti inde," anatero. "Bwenzi ndikugona bwino."

Ndinawauza kuti nanenso ndimafuna nditatha kunena choncho. Anatenganso lichero lawo, n'kusuntha pang'ono pa mkeka kuti ndikhale pafupi. Tinasankha nyembazo limodzi mpaka zinatha, osalankhulanso za nkhaniyi.